Dzimbiri M'botolo la Mchenga Wakuda

Ana anga, Mariamu ndi Jafali, m'kabati ya pabalaza muli kabotolo kamene mayi anu akhala akufuna kukataya kuyambira tsiku limene ndinabwera nako kuno ku Liwaladzi. M'katimo muli ufa wakuda wa mawanga ofiira, ndipo kunja kwake kuli kapepala kolembedwa ndi dzanja langa. Zimene zili pa kapepalapo ndi bodza. Ndi bodza lokhalo limene ndinalembapo pa zaka zanga zonse za ntchito, ndipo ndi limene linandimanitsa sukulu ya kunja ija mwakhala mukundifunsa, ine n'kumangoti zinavuta. Tsopano ndapuma, mawondo ayamba kukana, nthawi ndili nayo yambiri, ndiye ndikuuzeni bwinobwino. Za ubwana wanga sinditayira inki. Munazimva kale kwa azakhali anu a Asiyatu, ndipo iwo amazinena bwino kuposa ine, ngakhale amakokomeza.

Chaka choyamba cha ntchito

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka magalasi mu labotale ya sekondale ina pafupi ndi boma. Bwana wanga anali a Chimphonda, mphunzitsi wa sayansi, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene jekete yake yoyera inali mabowo okhaokha chifukwa cha asidi. Tsiku loyamba anandipatsa mabotolo khumi kuti nditsuke. Ndinatsuka mpaka kuwala, ine mtima m'malo, n'kumati ntchito yake ndi yomweyi basi? Iwo anatenga limodzi, analiyang'ana padzuwa, n'kundibwezera onse khumi. Anati galasi limatsukidwa katatu: koyamba kuchotsa zimene ukuona, kachiwiri zimene sukuziona, kachitatu kuchotsa sopo amene watsukira. Kenako anandipatsa timapepala tomata ndi cholembera. "A Saidi," anatero, "botolo silitha kuyankhula. Chimene chimaliyankhulira ndi kapepalaka. Muzilembapo chokhacho chimene mwachita ndi manja anu kapena mwaona ndi maso anu. Mukapanda kudziwa, lembani kuti sindikudziwa. Palibe amene adzakuchotseni ntchito chifukwa cha mawu amenewo." Ine ndinangoti inde bwana, osadziwa kuti mawuwa adzandipeza patsogolo.

Zinthu zinkasowa, inu. Gasi akatha tinkapanga tinyale ta sipiriti ndi timabotolo ta inki. Madzi oyera oyesera zinthu akasowa, ine ndinkatchera mabeseni pabwalo mvula ikamagwa, kutali ndi denga kuti asatenge fumbi la malata. Koma chimene chinandigwira mtima chinali maginito wopindika ngati chibakera amene ankakhala m'dirowa ya a Chimphonda. Loweruka lina ndinawapempha kuti ndipite naye kumudzi ndikaonetse abale. M'mawa mwake ndinapeza achemwali anga a Asiyatu akukwecha mapoto kugombe. Iwo ankakonda mchenga wakuda uja umakhala mizeremizere pamene mafunde a mwera amalekezera, ati umachotsa mwaye msanga. Pofuna kudzionetsa, maginito uja anandipulumuka n'kugwera pamchengapo. Nditamutola, anatuluka ali bii, mchenga utaimirira nyomi ngati tsitsi. Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi. "Iwe Saidi, chitsulo cha abwana ako chamera ndevu! Ukawauza chiyani?" Ndinatha ola lathunthu ndikuzula ndevuzo ndi zala, koma zinakhalabe m'mutu mwanga.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi

Ndinasamutsidwira ku koleji ina mumzinda, ku labotale ya fizikisi. Mariamu unali wa m'manja, Jafali unali usanabadwe. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Dokotala Mkandawire, mayi wa kumpoto amene anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro kunja. Anali wamtali, woyenda mofulumira ngati wina akumuthamangitsa, ndipo akakondwa Chichewa chinkawathawa n'kumangoti yewo, yewo chomene. Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndikudziwa zimene iwo amafufuza. Ndinakumbukira a Chimphonda, n'kunena kuti sindikudziwa. Anatsegula chikwama, anatulutsa kaseti ya nyimbo, n'kusolola tepi yake ndi pensulo pamaso panga. Ine mtima unapweteka, pakuti kaseti masiku amenewo sinali yoseweretsa. Anati, "Mukuona bulawuni ali pamwambayu? Ndi timibulu ta chitsulo, tating'ono kuposa ufa, tomatidwa pa pulasitiki. Kalikonse ndi kamaginito. Ndi timeneti timene timasunga nyimbo. Ine ndimafuna kudziwa kuti kambulu kakachepa kwambiri, kapena mukakayala mopyapyala kwambiri, kamasunga bwanji mphamvu yake."

Ntchito yanga inali iyi. Ndinkadula magalasi ang'onoang'ono ngati chala, n'kuwatsuka katatu. Ndinkatenga ufa wakuda wochokera kunja, wobwera m'zitini zosindikizidwa, n'kuusakaniza ndi guluu wamadzimadzi, kenako n'kuuyala pagalasi mopyapyala kwambiri moti kuwala kunkadutsa. Ukauma, tinkapachika kagalasiko pakati pa mawaya okulungidwa, kuyatsa magetsi, n'kumayang'ana kamuvi ka makina oyezera. Kamuvi kakapita kutali, ndiye kuti ufawo uli ndi mphamvu yaikulu ya maginito. Adokotala ankawerenga, ine n'kumalemba m'buku. Panalinso chimakina china chokhala ndi chigalasi ngati belu, chimene chinkapopa mpweya wonse kenako n'kutenthetsa kachitsulo mpaka nthunzi yake kukamatirira pagalasi ngati kalilole. Chinkalira ngati mvuu za ku Chia, ndiye ndinachitcha Mvuu, ndipo dzinalo linakhazikika mpaka akuluakulu a koleji ankafunsa kuti Mvuu yadzuka bwanji lero. Magetsi akazima pakati pa ntchito, tsiku lonse linkapita pachabe. Adokotala ankayenda uku ndi uku akuyankhula Chitumbuka chokhachokha, ine n'kumawapangira tiyi pa kanyale ka sipiriti. Ndinkawakonda mayi amene uja, ana anga. Sanandionepo ngati wotsuka magalasi chabe. Ankandifunsa maganizo, ndipo ndikalondola ankanena pamaso pa anthu kuti awa ndi maganizo a a Saidi.

Chaka chimene zitini zinasiya kubwera

M'chaka changa chachinayi kumeneko, ufa wakunja uja unatha. Makalata analembedwa, mayankho osabwera. Miyezi itatu tinangokhala n'kumapukuta Mvuu. Tsiku lina ndikumwa nawo tiyi, ndinawafotokozera nkhani ya maginito womera ndevu, pofuna kungowaseketsa. Iwo sanaseke. Anaika kapu pansi n'kunena kuti, "A Saidi, mwakhala ndi mgodi kwanu zaka zonsezi osanena?" Lachisanu lomwelo anandikweza basi ndi chimaginito chochotsa m'sipika yakufa. Anandiphunzitsa kuchikulunga m'jumbo, kuti ukakoka mchenga, ungosolola maginitoyo m'jumbomo, mchenga n'kugwera wokha m'ndowa. Achemwali a Asiyatu, amene panthawiyi anali atafedwa amuna awo, anaitenga ntchitoyi ngati yawo. Ankadziwa malo onse amene mchenga wakuda umaunjikana, ndipo ankandilondolera ngati ine ndine mlendo.

Vuto linali limodzi. Mchenga ndi wokhakhala, ndipo adokotala ankafuna ufa. Lamulo lawo linali lomveka bwino, ananena kawiri konse: mchengawu uziperedwa mu labotale, m'kamtondo kadothi loyera kamene tinali nako, osaukhudzitsa chitsulo chilichonse. Kamtondoko kanali kochepa ngati kapu. Ha! Munthu umapera tsiku lonse n'kupeza kasupuni kamodzi. M'manja munatuluka matuza, phewa linkachita kuyaka. Pa ulendo wachitatu ndinadandaula kwa achemwali, n'kuwaonetsa zikhatho. Anandiyang'ana ngati ndawauza nthabwala. "Mwamuna wamkulu, wa tayi, kulira ndi kusinja? Ife timasinja chinangwa cha banja lonse tisanamwe ndi madzi omwe." Tsiku limenelo ndinapita ku boma kukaswali Ijumaa kumzikiti ndi kukaona a Chimphonda, amene anali atadwala, ndipo ndinagona komweko masiku awiri. Pobwera ndinapeza achemwali atakhala pakhonde, patsogolo pawo pali beseni lovundikira ndi nsalu. Anavundukula. Munali ufa wakuda wosalala ngati wa kondoole wosefa kawiri, wokwanira ntchito ya miyezi itatu.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo musandichepetsere mlandu powerenga. Ndinayenera kufunsa kuti mwasinjira chiyani. Funsolo linabwera pakamwa, ine n'kulimeza, chifukwa ndinayang'ana matuza anga n'kuyang'ana beseni lija. Ndinathokoza, ndinathira ufawo m'mabotolo, ndipo nditafika ku labotale ndinatenga kapepala n'kulemba kuti woperedwa mu labotale, m'kamtondo kadothi, n'kusaina dzina langa. Ndinadziuza kuti ufa ndi ufa.

Titayeza kagalasi koyamba ka ufa umenewu, kamuvi kanadumpha kupitirira pamene kanafikapo chiyambire. Adokotala anati makina asokonekera. Tinayezanso kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Mayi uja anavina mu labotale atavala jekete yoyera, yewo ali pakamwa. Ankaganiza kuti mchenga wa kwathu uli ndi china chake chimene sichinalembedwepo m'mabuku. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse achemwali ankasinja, ine n'kumalemba kapepala komweko. Tinagwira ntchito imeneyi chaka ndi theka. Adokotala anaitanidwa kuti akafotokoze zotsatirazi kumsonkhano wa akatswiri kunja, ndipo tsiku lina anandionetsa kalata imene anandilembera yondipempherera malo kusukulu ya chaka chimodzi ya anthu a ntchito ngati yanga, kunja komweko. Mayi anu anayamba kale kufunsa za majuzi a kuzizira.

Mvula ya chaka chotsatira

Kutatsala masabata atatu kuti adokotala anyamuke, mvula inagwa sabata yathunthu, ndipo denga la labotale linayamba kudontha pamwamba pa kabati ya mabotolo. M'mawa wina ndinatsegula kuti ndipukute chinyontho. Nditanyamula botolo limodzi, ndinaona timawanga tofiira psuu m'kati mwa ufa wakuda uja. Ndinatenga lina, chimodzimodzi. Ndinafufuza kumbuyo, kumene kunali timabotolo tiwiri toyambirira timene ndinapera ndekha ndi matuza aja. Timeneto tinali bii, popanda banga. Ine ndinakulira panyanja, ana anga. Mchenga wakuda uja wakhala m'madzi kuyambira makolo athu asanabadwe ndipo sunachitepo dzimbiri. Chimene chimachita dzimbiri ndi mpeni, khasu, mbedza.  Ndinabweza mabotolowo, ndinatseka kabati, n'kupempha kuti ndipite kumudzi Loweruka.

Ndinapeza achemwali akuanika mpunga. Titapatsana moni, ndinati, "Achemwali, tandionetsani pamene mumasinjira mchenga uja." Anasangalala kwambiri, ati tsopano wayamba kufuna kuphunzira. Ananditengera kuseri kwa khitchini. Pamenepo panali mphika wachitsulo wa miyendo itatu, wong'aluka m'mbali, umene mayi athu anasiya kuphikira kalekale. M'kati mwake munaimikidwa chitsulo chachitali ngati mkono wanga, chidutswa cha ekiselo ya mateyala a thirakitala chimene malemu alamu anga anabwera nacho kuchokera ku minda ya nzimbe. Pansi pa mphikawo pankanyezimira ngati kalilole, ndipo nsonga ya chitsulocho inali itaperepeseka n'kukhala yozungulira. "Ndinayamba ndi mtondo wathu," anatero, "koma mchenga wako umadya mtengo, musi unayamba kutha. Ndiye ndinaganiza. Ukuona? Mutu uwu sunapite kusukulu, koma umagwira ntchito." Ndinapisa chala m'mphikamo. Chitsulo chonse chimene chinaperepeseka pa ekiselo ndi pamphika chinali m'mabotolo athu, ndipo chitsulo chenicheni chimakoka maginito kuposa mchenga uliwonse. Kamuvi kathu kanali kakuyeza thirakitala ya alamu anga. Achemwali anali akundiyang'ana, akudikira kuti ndiwayamikire. Ndinati mwachita bwino, achemwali, mwachita bwino kwambiri.

Ulendo wobwerera pa basi sindidzauiwala. Kuchokera ku Liwaladzi mpaka kudutsa mlatho wa ku Chia ndinali nditakonza kale nzeru. Mabotolo a dzimbiri anali asanu ndi awiri okha. Ndikanatha kuwataya n'kunena kuti mvula yawaononga, zimene zinali zoona mbali ina. Adokotala akanapita, akanayankhula, anthu akanaomba m'manja, ine ndikanakwera ndege. Mwina pakanatha zaka wina asanayezenso, ndipo pofika pamenepo satifiketi ikanakhala ili pakhoma. Kenako inabwera nzeru yachiwiri, yoipa kuposa yoyamba: kuulula, koma n'kunena kuti mlongo wanga wosaphunzira anachita zimenezi ine osadziwa. Nayonso inali yoona mbali ina. Ndinakhala nazo nzeru ziwirizi mtunda wautali ndithu, musaganize kuti bambo anu anali mngelo. Chimene chinandigonjetsa ndi kuona m'maganizo mayi uja ataima pamaso pa akatswiri a maiko ena, mtima uli m'malo, akunena chinthu chabodza chifukwa chokhulupirira kapepala kanga. Tsiku limene zikanadzaululika, dzina loipa likanakhala lawo, osati langa. Ine ndani ankandidziwa?

Lolemba lake

Ndinafika m'mamawa, ndinaika mabotolo asanu ndi awiri aja patebulo pawo, ndi timabotolo tiwiri takale pambali. Atalowa ndinati, "Adokotala, musanavule chikwama, ndili ndi mawu." Ndinafotokoza zonse, kuyambira matuza mpaka ekiselo. Sanandidule mawu. Nditamaliza anatenga timagalasi tiwiri, anathira ufa wakale pa kena, wa dzimbiri pa kena, n'kudonthezera asidi wosungunula. Wakale unangokhala phee. Wa dzimbiri unayamba kutulutsa tithovu, monga chimachitira chitsulo. Anakhala pampando n'kuvula magalasi a maso.

"Chaka ndi theka, a Saidi," anatero.

Ine pofuna kudzipeputsira ndinayamba kunena kuti achemwali sankadziwa, iwo ankangofuna kuthandiza. Anakweza dzanja. Anatenga botolo limodzi n'kundilozera kapepala. "Analemba apa ndani?"

"Ndine, adokotala."

"Ndiye mlongo wanu musamutchulenso pa nkhaniyi."

Tsiku lomwelo analemba makalata awiri, ndipo anandipatsa kuti ndiwerenge asanatumize. Yoyamba inali youza a msonkhano kuti sabwera, chifukwa apeza cholakwika pa zoyeza zawo. Dzina langa munalibe, analemba ngati cholakwacho ndi chawo. Yachiwiri inali yochotsa dzina langa ku sukulu ija. Anati, "Ntchito sindikuchotsani, chifukwa mwabwera nokha. Koma sindingatumize kunja munthu amene mapepala ake ndiyenera kuyamba ndawafufuza." Ndinapita nawo ndekha ku positi makalata onse awiri. Zinandiwawa, ana anga, zinandiwawa kwambiri, ndipo pofika kunyumba ndinalephera kuwayang'ana mayi anu kumaso. Mwezi wathunthu adokotala sanamwe tiyi wanga. Ankangoti bweretsani chakuti, chotsani chakuti, ndipo botolo lililonse limene ndalemba ankalitsegula n'kuliyang'ana.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Mvula itatha, tsiku lina anangoti, "Loweruka mundiperekeze kwa mlongo wanu." Ndinachita mantha kuposa Lolemba lija, pakuti achemwali ndinali ndisanawauze kanthu. Tinafika chakum'mawa. Achemwali anachita ngati kwabwera nduna: mkeka watsopano, mpunga, chambo chowamba, anthu oyandikana nawo kusuzumira. Titatha kudya, achemwali okha anawakokera alendowo kuseri kwa khitchini kukawaonetsa mphika ndi ekiselo. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Adokotala ananyamula chitsulocho ndi manja awiri, anayesa kusinja kawiri, n'kuchiika pansi akupuma wefuwefu. Anati, "Amayi, inu muli ndi mphamvu, ndipo ufa wanu ndi wosalala kuposa umene tinkagula kunja. Koma chitsulo ichi chimanyenyeka n'kulowa mumchenga, ndiye makina athu amayeza chitsulocho m'malo mwa mchenga. Zonse tinayeza zija tayambiranso."

Achemwali anasuzumira m'mphikamo. Kenako anatembenukira kwa ine, osati kwa adokotala. "Saidi, tsiku lija unabwera kudzaona mphikawu, unkadziwa?"

Ndinati ndinkadziwa.

"Ndiye unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti mwachita bwino achemwali? Iwe! Ndinakubereka kumsana ine, lero ukundinyengerera ngati mwana? Ukanandiuza tsiku loyamba lomwe kuti chitsulo ayi, bwenzi nditaleka. Kodi ndine wogontha?" Anatembenukira kwa adokotala. "Amayi, mwana uyu ndi waulesi kuyambira kale, mumukhululukire. Tsono mukufuna wosalala koma wosakhudza chitsulo? Bwanji simunanene?"

Analowa m'nyumba n'kutulutsa mphero ya mayi athu, mwala uja ankaperera mawere. Anathira mchenga wakuda pang'ono, anawaza madzi, n'kuyamba kupera atagwada. Atapera, anakokolera zonse m'beseni la madzi, anavundula ndi dzanja, anadikira pang'ono kuti zokhakhala zikhale pansi, n'kutsanulira madzi akuda a pamwamba m'beseni lina. Anati limeneli lisakhudzidwe mpaka dzuwa lipendeke, monga amachitira akafuna sitachi wa chinangwa wositira mipango. Adokotala anafunsa za tizidutswa ta mwala wa mphero. Achemwali anawayang'ana modabwa. "Si muli ndi chitsulo chanu chomera ndevu chija? Mwala sichiugwira. Mukokere wakudawo, mwalawo utsale." Adokotala anaseka koyamba pa miyezi itatu. Anavula nsapato, anapempha chitenje, n'kugwada pambali pa achemwali kuti aphunzire kupera. Ine anandituma kukatunga madzi, ndipo ndinapita mosangalala.

Madzulo titatsanula madzi, pansi pa beseni panali utope wakuda wosalala ngati mafuta. Ndi umene tinagwiritsa ntchito zaka ziwiri zotsatira. Kamuvi sikanadumphenso. Kanaima pamalo wamba, ndipo zimene adokotala anadzalemba pamapeto pake sizinavinitse munthu aliyense, koma aliyense woyezanso ankapeza zomwezo. Kumapeto kwa lipotilo anathokoza achemwali potchula dzina lawo lonse. Ndinawawerengera n'kuwamasulira, iwo n'kunena kuti ndibwereze, pamene pali dzinapo.

Zaka zotsala, mpaka lero

Ku sukulu ija kunapita mnzanga wina, ndipo mwayi wotero sunabwerenso. Ndinagwira ntchito mu labotale yomweyo mpaka tsitsi kuyera. Makaseti anatha, Mvuu inafa n'kukaponyedwa kuseri kwa nyumba yosungira katundu, kunabwera makina a kompyuta amene ana a masiku ano amangodina. Sindikudziwa tsiku lenileni limene adokotala anasiya kutsegula mabotolo anga. Ndinangozindikira tsiku lina kuti atenga botolo, awerenga kapepala, n'kuyamba ntchito osayang'ana m'kati. Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi kufikira maso atauma.

Pa tsiku londitsanzika, adokotala anali atapuma kale, koma anabwera akuyenda ndi ndodo. Anthu atatha zoyankhula zawo, anandikokera pambali n'kundipatsa kaphukusi. Munali kabotolo kaja, kamodzi mwa a dzimbiri aja. Anati anakasunga m'dirowa zaka zonsezi, ndipo wophunzira aliyense watsopano ankamuonetsa asanagwire galasi. Ine ndinati, "Ndiye ana onsewa akhala akudziwa manyazi anga?" Anati, "Ayi, a Saidi, dzinalo ndinkaliphimba ndi chala. Ndinkawauza kuti munthu amene analemba bodza ili ndi yemweyo amene anabwera nalo patebulo panga, ndege ikumudikira."

Dzulo ndikulemba izi pakhonde, azakhali anu anatulukira ndi ndodo yawo. Maso awo achita khungu mbali imodzi, koma pakamwa mpomwe paja. Ekiselo ija akadali nayo, amatsekera chitseko cha khola la nkhuku. Anafunsa chimene ndikulemba masiku onsewa ngati kalaliki wa khoti. Nditawauza kuti ndi nkhani ya mchenga, anakhala pansi n'kunena kuti ndiwawerengere. Anamvetsera mpaka pa mphero, akugwedeza mutu, pena n'kumati ndi zoona, unali waulesi. Nditamaliza anati, "Pali chimodzi. Walemba kuti ufa wanga unali wosalala?" Ndinati ndalemba, kawiri konse. Anati, "Ulembenso. Anawo asadzaganize kuti azakhali awo sankadziwa kusinja."

Ndiye ndikulembanso, Mariamu ndi Jafali. Ufa wa azakhali anu unali wosalala, ndinaugwira ndi zala zanga. Kabotoloko musadzakataye ine ndikadzapita, ndipo kapepalako musadzakamatule. Mwana aliyense wa m'banja lino akadzapeza ntchito yake yoyamba, mudzamuonetse, ndipo dzina langa musadzaliphimbe ndi chala.